Mzere Wosalala Unandinamiza

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bambo ali bwanji? Funso limeneli musaliyankhe mothamanga, muyambe mwawerenga mpaka pansi. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Paja mumati ntchito yanga ndi yoseweretsa mawaya. Masiku ano ngakhale wayayo sindimugwira. Tikupanga kachipangizo kopana chala n'kumamva kugunda kwa mtima, ndipo timayamba takamanga pa kompyuta kuti tione ngati kangagwire ntchito. Vuto ndi phokoso. Chala chikanjenjemera, kapena nyale ya m'chipinda ikaphethira, zonsezo zimalowa, kugundako n'kumira ngati mawu a mwana pamsika. Mbali yanga ndi kusefa phokosolo.

Ndinasefa miyezi itatu mpaka mzere woonetsa kugunda pa kompyuta unasalala, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba. Lolemba tinalowetsamo kugunda kwa amayi amene amasesa mu ofesi mwathu, omwe adokotala anawauza kale kuti mtima wawo umadumphiza. Pa kompyuta unaoneka ngati wa mtsikana. Chikomekome cha nkuyu. Sefa yanga ikapeza pamene mtima wadumpha, inkayesa kuti phokoso ndi lomwe labisa, n'kuikapo kugunda kwabodza. Amayiwo anaseka, amvekere ndawachiritsa ulere. Abwana sanakalipe, anangondifunsa kuti akanakhala kholo langa ndikanamva bwanji. Chiyambire tsikulo pampando sindikhalitsa, ndimangozungulira tebulo.

Tsono dzana pa foni alamu anapulumutsa mawu oti bambo anakomoka kawiri mwezi watha, kamodzi pa masitepe. Inu m'makalata mwanu monse mumangoti ali bwinobwino. Ndikudziwa mumandimvera chisoni poti ndili kutali, komabe zandipweteka, achemwali, ndipo ndili ndi mantha.

Pempho langa ndi limodzi. M'mawa ndi madzulo muziwagwira bambo pamkono ndi zala ziwiri, muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi, mulembe papepala, ndipo pamene mtima wadumpha muikepo kadontho. Akakwana masiku atatu mupite nawo kwa adokotala pepala lili m'manja, ine munditumizire chithunzi chake. Bambo akakana muwauze kuti ndi za ntchito yanga, paja pa zimenezo sanandikanizepo kanthu. Musakonze nambala ngakhale imodzi. Timadontho tikachuluka ndikubwera, kachipangizoko amalize ena.

Mundiperekere moni kwa bambo, azakhali ndi ana onse. Alamu musawakalipire, andithandiza.

Ndine mlongo wanu,
Kamawaya