Mpando wa galimoto ya a Makwinja

Amayi,

Kunja kukuwaza kamvula ka chiperoni, ndipo ngakhale kwacha kale, dzuwa silinaoneke. Kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno tilipo.

Achemwali a Rozina ali ndi mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Mbuzi yanu yakuda ija inaswa ana awiri. Chimanga sitinakolole chambiri, koma nandolo wabereka. Denga la khitchini likudonthabe.

Nkhani yeniyeni ndi ya Estere, mzime wanu. Anakwatiwa Loweruka ku tchalitchi cha ku Nguludi. Anthu ena ankanong'onezana kuti ukwati wa ana amasiye ndi wapanjinga. Ndiye amalume ake a mkwati, a Makwinja, omwe amagwira ntchito ku Joni, analonjeza kuti Estere adzamutenga pa galimoto yawo. Ndi yofiira, yaifupi ngati kamba, ya zitseko ziwiri zokha. Akuti ndi zija zothamangitsana nazo.

M'mawa wa tsikulo achimwene a Yohane ankaitsuka ndi kuimanga maluwa. Pofuna kusesa pansi, anakoka kachitsulo kosunthira mpando wa dalaivala. Mpando unathamangira kutsogolo mpaka kukagunda chiwongolero, n'kukanirira pomwepo. A Makwinja ndi munthu wathupi. Anayesa kulowa, linalowa phazi lokha.

"Nanga mimbayi ndiisiye panja?" anatero. Anthu anaseka, koma eni akewo sanaseke. Wina wodziwa kuyendetsa panalibe.

Azibambo anayamba kuugwedeza mpandowo, wina anabwera ndi hamala n'kuyamba kuumenya. A Makwinja anakuwa kuti, "Mukathyola, chitsulo chake chili ku Joni!" Azakhali anati tingoitana njinga, nthawi yatha. Estere anali pakhonde atavala kale velo, misozi ikugwa. Achimwene anangoti zyoli.

Mukundidziwa, amayi. Ngakhale kukwaya ndimaima kumbuyo. Koma ndinakumbukira makina anu osokera akakana kuzungulira. Simunkawamenya. Munkati, "Chitsulo chilibe makani, chikakana ndiye kuti chatsamwidwa." Ndinayankhula koyamba, palibe anamva. Kachiwiri ndinati, "Bambo, ndingaoneko pansipo?"

Wa hamala uja anati, "Iwe, si makina osokera amenewa!"

A Makwinja anayang'ana manja anga n'kunena kuti, "Musiyeni. Inu manja anuwo ngati makasu, alowa pati?"

Ndinayala chitenje pansi n'kugwada, ndili m'diresi yanga ya ukwati. Nditapisa dzanja ndinapeza kuti mpando umayenda pa tinjanji tiwiri tokhala ndi mano. M'manomo munali mutadzaza chimanga! Dzulo lake abale awo a ku Ndunde anawapatsa a Makwinja thumba la chimanga, ndipo linabookera m'galimoto. Hamala ija inangochisinja n'kuchikanikiziramo. Ndinapempha sipoko ya njinga, ndinachitokosa pang'onopang'ono mpaka chonse chinatuluka. Kenako ndinatsuka ndi nthenga ya nkhuku yoviika m'palafini, monga munkachitira inu, n'kudonthezamo mafuta a makina. Kasipuling'i kena kanali katachoka pamalo pake. Kanandicheka chala, koma ndinakakolowekanso.

Nditakoka kachitsulo kaja panamveka khethe! Mpando unabwerera m'mbuyo wokha, mwakachetechete. Azimayi analulutira ngati ukwati wamangidwa kale. A Makwinja analowa, anausuntha kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso, akupukusa mutu. Kenako anafunsa kuti, "Kodi mwanayu ndi wa ndani?"

Azakhali anafuna kundiyankhira, koma ndinawatsogolera. "Ndine wa malemu mayi Filomena. Ndi amene anandiphunzitsa." Ndinanena mokweza, amayi. Ngakhale amene anali kumoto anamva.

Estere anakana kunyamuka popanda ine. Ndinadzipinda kumpando wakumbuyo, mawondo ali pachibwano, ndikununkha palafini. Tinafika belu likulirabe, ndipo mwana wanu anatsika m'galimoto anthu onse akuona. Pachithunzi chaukwati diresi yanga ili ndi banga lakuda pamkono. Ojambula anati ndilibise kumbuyo kwa Estere, ine ndinakana.

Chimodzi chokha chikundiwawa. Ndinaganizira zoti pansipo pangakhale chotsamwa hamala isanabwere, koma manyazi ananditseka pakamwa mpaka Estere analira. Ndikukulonjezani kuti ulendo wina sindidzadikira misozi ya mwana wanu.

Ndimakukondani, amayi. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu,
Agnesi

Ndamaliza kulemba Lachiwiri, teni koloko m'mawa.