Selo ija musaikweche ndi mchenga

Muizenberg, Cape Town
9 Julayi

Okondedwa achimwene a Cyrus,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga Ama mwendo uja ukuwavutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndi nyengo yozizira. Mphepo ya kunyanja yamchere imalowa mpaka m'mafupa, ndipo manja anga ang'ambika chifukwa chokhalira m'madzi.

Nkhani yabwino ndi yakuti abwana andipatsa udindo woyang'anira mabafa onse a madzi otentha pa nyumba yathu ya alendo. Eni nyumba zina za mumsewu muno ayambanso kundiitana madzi awo akachita mbuu. Palibe mankhwala amene ndinadyera, ndinangowerenga buku la makinawo mpaka kumapeto, pamene anzanga analiponya m'kabati. Chovuta n'chakuti mapepala anga okhalira kuno sanatulukebe, koma akuti ndidikire.

Ndinanyadira kwambiri kumva kuti akulembani ntchito yosamalira bafa pa loji ya ku Chikale ija, ndipo bafa lakenso ndi lamchere ngati athu kuno. Munati mukadali pa mayeso, ndipo mwini wake wanenetsa kuti madzi akakhala osayera pofika alendo a mu Ogasiti, afuna munthu wina ku Mzuzu. Munatinso selo ya m'makina a bafalo yagwira zoyera ngati njereza, ndiye mukufuna kuikwecha ndi mchenga. Ndinakuletsani pafoni, koma munaseka, n'kundikumbutsa kuti munayamba kutsuka mapoto ine ndili kumsana. N'chifukwa chake ndalemba.

Seloyo ndi imene imasunga madzi kuti asawole. Madzi amchere akamadutsa pa tizitsulo take topyapyala, magetsi amasandutsa mcherewo kukhala klorini wopha tizilombo. Ntchitoyi imagwiridwa ndi utoto wakuda uli pamwamba pa tizitsuloto. Utotowo si litsiro ayi. Ukachoka, selo yafa, ngakhale iwale bwanji.

Reuben, mwana wa amalume, ndiye mboni yanga. Atangofika kuno ndinamupezera ntchito pa nyumba yoyandikana nafe. Tsiku lina anaona zoyera zija, osafunsa munthu, anatenga sitiliwulu n'kukwecha mpaka chitsulo chinawala ngati poto wa Ama akachoka naye kunyanja. Anabwera kudzandionetsa akumwetulira, akuti Atonga sitichita zauve. Pasanathe sabata madzi anasanduka obiriwira, abwana ake anagula selo ina, ndipo Reuben pano akusesa masamba panja. Safunsa anadya phula. Sindimunena ulesi, anachita zomwe tonse tinaphunzira kwathu ku Mwaya, kuti chinthu chatsukika pokhapokha chikawala. Kunotu selo yatsopano imafika mawa lake. Kwanuko ingadzafike alendo atapita kale.

Chochita ndi ichi. Yambani mwazimitsa magetsi a bafa lonse, kenako mutulutse selo n'kuitsukuluza ndi madzi abwino. Muiviike mu viniga woyera, mbali ya mawaya isalowe. Muona thovu likutuluka, ndiye kuti njereza ikusungunuka yokha. Thovu likaleka, muitsukuluzenso, muyang'ane pakati pa tizitsulo poyera dzuwa. Ngati zoyera zatsalira, viikaninso. Mpeni, waya ndi mchenga zisayandikire. Vinigayo musamusakanize ndi klorini, mpweya wake ndi woopsa.

Mukabwezeretsa selo, musakhulupirire maso. Madzi amatha kuoneka oyera koma alibe klorini. M'phukusi limene a Wilson a galimoto akubweretserani muli timapepala toyezera madzi, tina ta mchere, tina ta klorini. Muviike kamodzi, muyerekeze mtundu wake ndi mitundu ili pa botolo. Mchere ukachepa selo siipanga kanthu, ngakhale ikhale yoyera. Mugwiritse mchere wa bafawo basi, osati wa kukhitchini kapena wothira nsomba. Magetsi akazima nthawi yaitali muyezenso, chifukwa selo imagona pamodzi ndi magetsi.

Ada, bambo athu, ankanena kuti ana awo onse adzadya za m'madzi. Ankaganiza za usipa, koma sananame. Inu muli pa madzi ku Chikale, ine ndili pa madzi ku Kepi, ndipo sindichita nazo manyazi munthu akandifunsa ntchito yanga. Ndikufuna ya inunso ikhazikike, Olivia apitirize sekondale bambo ake ali pantchito.

Pempho langa ndi limodzi. Mukatsuka selo, muijambule musanaibwezeretse, munditumizire chithunzi. Ndikaiona ili yakuda bii ndidzagona tulo. Ndikaiona ikuwala, ndidzadziwa kuti mlongo wanu wamng'ono munamumvera ngati wailesi.

Mundiperekere moni kwa Ama, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ali m'phukusi momwemo. Moni kwa alamu anga, kwa Olivia ndi Thumbiko, ndi kwa amalume. Amalumewo nkhani ya Reuben musawauze, adzawafotokozera yekha.

Yewo ukongwa, achimwene. Mchenga wa ku Chikale muwasiyire Ama ndi mapoto awo.

Ine mlongo wanu,
Dolly