Sindinayende pa Miyezi Naini

Lachitatu, 16 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse a pakhomo panu. Ife kuno tili bwino. Kalata yanu inafika sabata yatha, ndipo ndinaiwerenga kawiri: koyamba nditaima pamasitepe mwana ali kumsana, kachiwiri mokweza, kuwerengera azakhali. Zikomo chifukwa cha pepala lokongola lija, lamaluwa m'mphepete. Dzanja lanu ndi labwino ndithu. Sindinkadziwa kuti mumatha kulemba, poti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zonsezi sindinaonepo chilembo chanu n'chimodzi chomwe.

Mwafunsa zinthu ziwiri: kuti mdzukulu wanu wafika pati pa kakulidwe kake, ndiponso ngati mungabwere mwezi wamawa pamene akukwanitsa chaka. Ndikuyankhani zonse. Amene anandilera anandiphunzitsa kuti wamkulu akafunsa umayankha.

Koma ndiyambe ndi malangizo anu. Mwalemba kuti ndisade nkhawa, mwanayu ayenda msanga chifukwa mtundu wathu ndi wochangamuka. Mwati ine ndinayenda ndili ndi miyezi naini, n'kumathamangitsa mphaka pakhonde, ndipo mawu anga oyamba anali akuti mama. Nditawerenga pamenepo, azakhali, amene ankasokerera batani pa malaya, anaika singano pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mphaka wake uti? Bambo ako ankadana ndi amphaka." Kenako anabwereza zimene ndikuzidziwa kuyambira ndili wamng'ono: kuti munachoka ine ndili ndi miyezi seveni, Loweruka m'mawa, mutanena kuti mukukagula sopo, ndipo bambo ananditengera kwa mlongo wawoyo atasowa chochita. Ndinayenda nditakwanitsa chaka ndi miyezi inayi, anthu atayamba kale kunong'ona kuti mwina miyendo yanga ili ndi vuto. Ndinayendera m'chipinda chosokera cha azakhali, kuchoka pa makina kukafika pachitseko. Mwina mwandisokoneza ndi mmodzi wa ana atatu amene munabereka kumeneko. Zimachitika ana akachuluka.

Tsono za mwana. Ndi mtsikana, koma pakhomo pano timamutcha Foromani. Anamutcha choncho ndi bambo ake, amene amawotcherera zitseko ndi mageti achitsulo, akuti chifukwa sagwira ntchito iliyonse koma akangotsegula pakamwa tonse timathamanga. Masabata oyamba analibe nkhani: kuyamwa, kugona, kulira, nkhope itakwinyika ngati nkhalamba imene yaberedwa ndodo. Anayamba kumwetulira pa sabata yachisanu ndi chimodzi, ndikumusintha thewera patebulo lositira. Bambo ake anatsutsa, amvekere umenewo ndi mpweya chabe wa m'mimba. M'mawa mwake anamwetulira iwowo, ndipo tsiku limenelo anachedwa kuntchito ndi ola lathunthu, ali chiweramire pamwamba pake akupanga maphokoso amene sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angapange.

Pa miyezi itatu khosi linalimba. Ndikamugoneka chafufumimba ankadzutsa mutu n'kumaugwedeza ngati buluzi pakhoma. Kenako anatulukira kuti ali ndi manja, ndipo ankatha nthawi yaitali akuwayang'ana, akuwatembenuza, ngati wawatola pamsewu. Pa miyezi inayi anagubuduka yekha koyamba, n'kupsa mtima chifukwa analephera kubwerera mmene analili. Kuseka kwake koyamba kunabwera bambo ake akung'amba katoni yakale. Tinang'amba mapepala onse a m'nyumba madzulo amenewo, mpaka kalendala. Pa miyezi sikisi anakhala, titamutchinjiriza ndi mapilo, akupendekera uku ndi uku ngati chidakwa pa benchi. Tinayamba kumupatsa phala ndi nthochi yokanya. Theka linkalowa m'kamwa, theka m'makutu ndi m'tsitsi langa.

Mpaka pamenepa mwina zonse mukuzidziwa, poti pa miyezi yanga ngati imeneyi munaliko. Kuyambira apa werengani pang'onopang'ono, chifukwa ndi zachilendo kwa inu.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri unandipweteka. Ndinali nditabwerera kuntchito yanga ya kophikira buledi, kumene timayamba kukanda ufa anthu asanadzuke, ndipo pofika masana msana umakhala ngati si wako. Bambo a mwana anali atapita kutali kwa masabata atatu, kukaika mageti panyumba zina zimene zinkamangidwa. Azakhali miyendo inali itatupa, sankatha kukwera masitepe athu. Ndiye mano anayamba kumera. Nkhama zinatupa, dovu linkangochucha, thupi likutentha, ndipo ankalira osapuma. Ndikamupatsa bere ankaluma mpaka magazi, ndikamuchotsa ankakuwa, ndikamuika pansi ankadzipinda msana ngati ndamutsina. Masiku asanu ndi limodzi sindinagone tulo toti n'kutchula. Kuntchito ndinapsereza mathireyi awiri a mabanzi, abwana n'kundilalatira pamaso pa anzanga, ine ndili chilili osamva n'komwe zimene ankanena.

Zimene ndilembe apazi sindinauzepo munthu aliyense. Azakhali sakudziwa, bambo a mwana sakudziwa. Ndikuuza inu chifukwa pa dziko lonse lapansi ndinu nokha amene mulibe pakamwa pondidzudzulira.

Lamulungu m'mawa ndinamusambitsa, n'kumuveka, n'kutsika naye kwa mayi wa saluni amene ali pansi pa nyumba yathu, amene amandigwirira mwana ndikakhala kuntchito. Ndinamupempha kuti andionereko pang'ono. Atandifunsa kumene ndikupita, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti ndikukagula sopo. Sindinakonzekere, Amayi. Bodza linangobwera lokha, lanu lomwe lija. M'chikwama ndinali nditaika madiresi awiri ndi chiphaso changa. Ndinayenda mpaka kudepoti, n'kukwera basi yoyamba imene ndinaiona, osawerenga n'komwe kumene ikupita, n'kukhala cha kuwindo kudikira kuti idzaze.

Ndisakunamizeni, ndinamva bwino. Manja anga analibe kanthu. Panalibe wondikoka tsitsi, panalibe wolira. Ndinkayang'ana ogulitsa mabisiketi akuzungulira basi, mphepo ikundiomba kumaso, ndipo ndinati mumtima: kani ndi mmene zinalili. Kani amayi anga sanali chilombo, anali munthu wotopa basi. Kwa ola limodzi pampando umene uja ndinakukhululukirani zonse. Ndinafika pokumverani chisoni.

Basi itatsala pang'ono kudzaza, ndinamva mawere akulemera ndi kulasalasa. Inali nthawi yake yoyamwa. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane, ambulera ili pamiyendo, anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi, "Mwana wanga, bulauzi yanyowa. Khanda mwalisiya ndi ndani?"

Ndinapinda manja pachifuwa kuti ndibise, koma mkaka unapitirira kutuluka, kudutsa m'nsalu, kutsikira pamimba. Dalaivala analiza injini. Ndinaimirira, n'kupondaponda mapazi a anthu, kondakitala akunditukwana kumbuyo, n'kutsika. Ulendo wobwerera ndinathamanga ngati wamisala.

Panjira pomwepo ndi pamene ndinadziwa chinthu chimene azakhali, poti sanaberekepo, sakanatha kundiuza. Mkaka suuma tsiku limodzi. Inunso unakutulukani tsiku lija. Inunso unakunyowetsani pa nthawi imene ine ndinkayenera kuyamwa, ndiponso madzulo ake, ndi m'mawa mwake, mawere atauma gwa ngati miyala, akukuuzani ola lenileni limene ndinali ndi njala. Munayenda nawo masiku angati? Munkaufinyira kuti, m'sinki kapena m'chimbudzi? Kutopa ndikukudziwa, ndipo wotopa sindimunyoza. Koma ndayesa ndi mapazi anga kutalika kwa njira yobwerera, ndipo ndi yaifupi kwambiri. Chikhululukiro chimene ndinakupatsani m'basi muja chinatsala pampando pomwepo.

Nditafika pasaluni, ndinapeza makasitomala awiri ali m'zoumitsira tsitsi, onse akuyang'ana pansi. Foromani anali pakati pa chipinda, kutali ndi mphasa imene ndinamusiyapo, atagwira chipeso chofiira, akuchiluma ndi nkhama zotupazo. Mayi wa saluni anati, "Mwaphonya, amake mwana. Wakwawa. Chipesochi chinagwa uko, wachitsata yekha." Kenako anayang'ana bulauzi yanga, n'kuyang'ana chikwama, n'kufunsa kuti nanga sopo ali kuti. Ndinati ndapeza sitolo yotseka. Mpaka lero sanayambitsepo nkhaniyo. Ndinakhala pansi pomwepo, pakati pa tsitsi lometedwa, n'kumuyamwitsa. Anandiluma, ndipo sindinamuchotse.

Maola awiri okha, ndinaphonya kukwawa kwake koyamba, ndipo sikudzabwereranso. Ndikauzidwa kuti ndifotokoze, ndimanena zimene ndinamva kwa mayi wa saluni. Sindipeka mphaka.

Mano awiri a m'munsi anatuluka sabata yomweyo, kulira n'kuchepa. Pano ali nawo sikisi. Pa miyezi eyiti anali atathamanga kale ndi maondo nyumba yonse, ndipo bambo ake anawotcherera kageti kakang'ono pamwamba pa masitepe, kolimba kuposa chitseko cha kubanki. Anaphunzira kutola tinthu ting'onoting'ono ndi zala ziwiri: nyenyeswa za buledi, ulusi wa azakhali, tsiku lina nyerere yamoyo. Anayamba kudzikoka n'kuima atagwira mpando. Mawu ake oyamba ndi akuti tata. Bambo ake anayenda modzitukumula masiku awiri, mpaka anazindikira kuti nsapato nayonso ndi tata, supuni ndi tata, ngakhale galimoto yotaya zinyalala. Mama sananenebe, ndipo sindikudandaula. Safunika kundiitana, poti akatembenuka amandipeza. Amadziwanso kutsanzika ndi dzanja, kungoti amayamba kubayibitsa mlendo atapita kale. Kuyenda sanayambe. Amakankha ndowa yopanda kanthu kuchoka kukhitchini mpaka pakhomo, nthawi zina amaima yekha osagwira kanthu, ndiye akazindikira amadabwa n'kukhala pansi phwata. Adzayenda tsiku lake, kaya mtundu ndi wochangamuka kaya ayi.

Pali chinanso chimene anayamba pa miyezi naini. Amaopa alendo. Munthu wosamudziwa akatambasula manja kuti amunyamule, amakuwa n'kubisa nkhope m'khosi mwanga. Ndinada nkhawa, ndinafunsa kusikelo, ndipo anamwino anati n'chizindikiro chabwino: mwana wafika pozindikira amene ndi ake ndi amene si ake.

Izi zandifikitsa pa funso lanu lachiwiri. Mwalemba kuti mukufuna kudzamunyamula mdzukulu wanu tsiku limenelo, mujambulitse naye, mukaonetse anzanu. Musadzivute ndi ulendo, Amayi. Chipinda chathu n'chaching'ono, mipando ndi isanu, ndipo yonse ili ndi eni ake. Azakhali asoka kale kadiresi kachikasu, akasoka ndi maso amene sakuonanso bwino, ndipo bambo a mwana alonjeza kuwanyamula pamasitepe ngati miyendo ikana. Azakhaliwo ndi amene adzamukhazike pamiyendo. Mwamuna wanga akuti ndikuloleni, akuti munthu amasintha. Ndi wofewa mtima, ndipo amayi ake sanapitepo kokagula sopo. Ndamuuza kuti mwina tsogolo lino, mwana akakula n'kutha kufunsa yekha kuti mayi awa ndani, mudzabwere mudzamuyankhe nokha.

Koma ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndikulilemba ndi manyazi. Kusikelo anandifunsapo ngati ine ndinabadwa masiku atakwana, ndiponso kuti ndinkalemera bwanji. Bambo anga anamwalira osandiuza. Ndikawafunsa za masiku amenewo ankangotuluka panja. Azakhali anandilandira ndili ndi miyezi seveni, za m'mbuyo sazidziwa. Miyezi imeneyo ili ndi inu nokha. Ndinayamba liti kumwetulira, ndipo ndinamwetulira ndani? Ndinkagona bwino? Ndinkakulumani? Ndinali nditakhala kale pamene munkatuluka pakhomo paja? Mundilembere zokhazo, papepala wamba. Musakometsere, musawonjezere. Ngati simukukumbukira, lembani kuti simukukumbukira, ndipo imeneyo idzakhala kalata yoyamba yoona kuchokera kwa inu.

Mupereke moni kwa amuna anu, amene sindiwadziwa. Mupereke moni kwa azibale anga atatuwo, ngati munawauza kuti ali ndi mkulu wawo. Ngati simunawauze, moniwo musunge, musadziike m'mavuto chifukwa cha ine. Azakhali ndawafunsa ngati ndikulembereni moni wawo, ati ndisawononge inki. Bambo a mwana akupereka moni ndi mtima wonse. Foromani mwini wakeyo wadzuka, ndikumumva akugwedeza kageti, ndiye ndilekere pomwepa ndipite.

Ndine amene munamubereka,
Mayi ake a Foromani