Kamera ya a Musagwedere Itamatidwa ndi Guluu

Zolembedwa za msonkhano wa Komiti ya Amisiri a mu Msewu Wathu

Tsiku: Lachitatu, 9 Okutobala
Malo: Kuseri kwa shopu ya a Kalipentala

Opezeka: Wapampando (a Makaniko), Mayi Telala, a Kalipentala, a Nsapato, a Musagwedere (wojambula wathu wakale) ndi ine Mlembi, wometa.

Osapezeka: A Wotcherera. Anatumiza mawu akuti mutu ukuwawa. Komwe anaugula mutuwo tikukudziwa.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi, chifukwa benchi inali ndi msomali.

2. Nkhani ya kamera

Wapampando anakumbutsa komiti kuti maso a a Musagwedere ayamba kuchita nkhungu, ndipo mwana wawo akubwera Loweruka kudzawatenga kuti azikakhala naye. Asanachoke akufuna kutijambula ndi kamera yawo yamatabwa, ya miyendo itatu ndi nsalu yakuda ija. Filimu yawatsalira imodzi yokha.

A Nsapato anapereka lipoti loti mvukuto wachikopa wapakati, umene umatambasuka ndi kufupika, auika zigamba ndipo kuwala sikukulowanso. Tinawaombera m'manja.

A Kalipentala, omwe ntchito yawo inali kungopha afumbwe ndi kupukuta mkuwa, anaimirira chifuwa patsogolo. Anati anapeza thabwa lakutsogolo, logwira diso la kamera, likugwedera: kukwera, kutsika, kupendekeka, kutsetsereka pa njanji yake. Choncho analimata ndi guluu, nawonjezera misomali. "Chotuluka m'shopu mwanga sichigwedera," anatero.

A Musagwedere anafuna kukhala pansi, koma anapeza kuti akhala kale. Anafotokoza kuti thabwalo limayenda dala. Ukalisendeza, nkhope zimaoneka bwino. Ukalikweza, nyumba yaitali imalowa yonse popanda kuoneka ngati ikugwa chagada. Kenaka anawatchula a Kalipentala mawu amene cholembera changa chakana kulemba.

A Kalipentala anayankha kuti, "Akulu, mukanandiuza kuti ndi kamera yovina." Anawonjezera kuti guluu wawo samatuka, ndipo ukamukakamiza limasweka ndi thabwa.

Wapampando anafunsa ngati basi chithunzi chafa. A Musagwedere anasisita kamera ija. Kenaka anati diso laumira pa mtunda umodzi, ndipo komiti itaima pa mtunda umenewo, mwina zingatheke. Msonkhano unasamukira kumsewu.

3. Kujambula

Mayi Telala anapempha kusuzumira kaye m'nsalu yakuda. Anatulukamo atagwira siketi, nati pa galasi lakumbuyo Wapampando waima chadodolido, ndipo iwo sangajambulidwe miyendo m'mwamba pamaso pa azibambo. Anatsimikiziridwa kuti makamera amtunduwu amaona choncho ndipo siketi siigwa. Ine ndinapempha kuti ndikatsimikize ndekha. Pempho linakanidwa.

A Musagwedere analowa m'nsalu nayamba kulamula. "Bwererani. Bwereraninso. A Makaniko, mimba ilowe. Bwererani, ndati!" Tinabwerera mpaka tinatsikira m'ngalande, mmene mumapita madzi otsukira zitsulo za kugalaja. A Kalipentala anauzidwa kugwada kutsogolo, pakati penipeni pa matope.

"Pamenepo! Ndakuonani nonse, ndi dazi la Mlembi lomwe. Musagwedere!" Anatero a Musagwedere. Analowetsa filimu, navundukula diso, nawerenga chamumtima, navundikira. Mayi Telala anapukuta misozi, akuti ndi fungo la ngalande.

Chigamulo: Chithunzi chikatsukidwa chipachikidwe mometera mwanga. Felemu apange a Kalipentala, ndipo pamenepo guluu aike mmene angafunire.

4. Zina ndi zina

A Nsapato, akukhuthula madzi m'nsapato zawo, anafunsa ngati sikukanatheka kungobweza kamerayo m'mbuyo, ife n'kuima pouma. A Musagwedere anati kukanatheka bwinobwino. Wapampando atafunsa chifukwa chake sananene, anayankha akupinda nsalu yawo kuti, "Mawondo a a Kalipentala anafunika kupepesa."

Komiti inavomereza yankholi. Wotsutsa anali mmodzi.

Msonkhano wotsatira: Lachitatu loyamba la mwezi wamawa, pamalo pouma.

Msonkhano unatha dzuwa litapendeka, popanda pemphero, popeza aliyense anathamangira kukasamba.

Wapampando: ............................

Mlembi: ............................