Vaselini pachifuwa cha adada

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Kwatentha koopsa, ndipo tsiku lonse lakhala lolemera.

Adada anakomokanso dzulo ku Uliwa. Tinathamangira nawo kuchipatala cha pa Boma ndili ndi chiyembekezo, chifukwa anali atavala kamalaya kamene adokotala anatibwereka. Mkati mwake anasokeramo tizigamba ta ulusi wasiliva, timene timagunda khungu n'kumva timagetsi ta mtima, ndipo kabokosi ka m'thumba kamasunga zonse. Adokotala akufuna kuona zimene mtima umachita pa nthawi yokomokayo. Popanda zimenezo sangadziwe thandizo loyenera.

Lero atsegula kabokosiko pakompyuta, koma mizere yonse ndi yosokonekera. Namwino ananunkhiza kamalayako n'kundiuza kuti kadzaza vaselini.

Amama amawadzoza adada vaselini pachifuwa nthawi iliyonse akawasambitsa. Ndinawatengera amamawo pakhonde n'kuwafotokozera pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana anga a sayansi kusukulu, kuti mafuta amatchinga magetsi kuti asafike pansalu. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti manja angawa ndiwo abisa mtima wa adada ako kwa dokotala?"

"Ayi, amama, si choncho."

"Mwana wane, usandinamize. Wafotokoza bwinobwino, ndamva."

Tsopano tiyenera kudikira kuti akomokenso, ndipo adokotala sanabise kuti ulendo wina mwina sadzadzuka.

Madzulo ano amama anawasambitsa, n'kukhala pambali pa bedi manja ali pamiyendo. Adada anafunsa kuti bwanji lero sakuwadzoza. Amama anayang'ana ine kuti ndiwafotokozere. Ine ndinangoyang'ana pansi.