Mitu itatu ya Amakaniko

Amake ana,

Inu mukundidziwa. Malire a mayiko ndawoloka osawerengeka, ndagonapo kunsi kwa lole pakati pa tchire, sitolo ija ndinaiyamba ndi katoni imodzi ya sopo. Mantha sindiwadziwa. Koma lero musandidikire pachakudya chamasana, ndathamangira kumanda.

Mukukumbukira buku lija la bambo amene anasiya mowa, limene ndinkawawerengera anzanga aja Amakaniko kuchipatala? Ndinawalonjeza kuti tilimalizira limodzi, iwo n'kutisiya kutatsala mitu itatu. Chichokereni kumaliro sindinalikhudze.

M'mawa uno mutangopita kuntchito, ndalipeza patebulo lili chitsegukire pamene tinalekezera. Mawindo ali otseka, koma pabalaza ponse pakununkha mowa wosakanikirana ndi girisi. Ludzu landigwira ngati kale lija ndisanasiye mowa, mpaka ndapezeka ndavala nsapato, ulendo wa komwera kuja. Nditangogwira chitseko ndamva kutsokomola kumbuyo kwanga, pampando wapakona, kuja ankatsokomola akafuna kuti ndipitirize kuwerenga.

Ndabwerera, ndakhala pansi, ndawerenga mutu umodzi mokweza. Fungo lachepako. Mitu iwiri yotsalayo ndikawawerengera kumanda komweko, aleke kutiyendera.

Pepani, kapu yanu yamaluwa ija ndaiswa. Sikuti ndimanjenjemera ayi, ndi yoterera basi. Tsegulani mawindo onse, ndipo pampando wapakona musakhalepo kaye. Makiyi a kusitolo ali kunsi kwa pilo wanu, musandipatse lero ngakhale ndilankhule mokoma bwanji, ndingakamwere ndalama.

Ndikagogoda madzulo, muyambe mwanunkhiza pachitseko. Mukamva mowa musafulumire kutsegula, mwina si ine.

Ine mwamuna wanu