Zenera la pa kalendala ya ku Limbe

Amayi, kaya kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ndikhulupirira miyendo inasiya kutupa, poti abusa anatitsimikizira pa maliro anu kuti kumeneko kulibe matenda. Ulalikiwo ndinaumvera pa foni, ndili m'kachipinda kodyera ku ntchito, mnzanga wina akutenthetsa nsomba pambali panga. Mawu ankadukaduka, ndiye malonjezo ena sindinawamve bwino.

Ife kuno ku Romford, ku Mangalande, tilipo. Dzuwa linabwera Lachiwiri lapitali, linakhala pang'ono n'kubwerera kwawo. Mpongozi wanu Thoko akadali pa chipatala chija, amafika kunyumba mapazi akuwawa ngati mmene ankachitira anu. Mdzukulu wanu Tamanda waguluka mano awiri akutsogolo. Ndikamufunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, ngati akulondolera mlendo wosochera. Ine ndikadali ku ofesi yoona za nyumba, kulemba malipoti a madenga odontha. Digiri ya chitukuko imene munkaonetsa makasitomala anu ija, ntchito yake ndi imeneyi.

Za ku Chiradzulu mwina mukuzidziwa kuposa ine, poti muli pafupi. Achemwali Eluby anachira mu Malichi, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Akuti akakwiya amakwinya pamphumi ngati inu nomwe. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chitangoyamba kumasula, koma nandolo ndiye wabereka. Makina anu osokera ali kuchipinda, anawafunditsa chitenje, palibe amene walimba mtima kuwapalasa.

Tsono nkhani imene ndakhalira pansi ndi iyi. A malume Bizwick agamula kuti mwambo wa chiliza chanu ukhale sabata yachiwiri ya Okutobala, mvula isanayambe. Chaka chatha anaimika kudikira ine, koma pano akuti mtumbira wayamba kutitimira, sungapirirenso dzinja lina. Ine livi yanga yatsala sabata imodzi yokha, yomweyo basi. Ndipo sabata imeneyo, amayi, ndinaikonzera kale ulendo wa ku India.

Musafulumire kutsonya. Mukuikumbukira kalendala ija? Inali pakhoma, pamwamba pa makina anu, pa khonde la sitolo ya Amwenye ku Limbe pamene munasoka zaka zonse zija. Chaka chake chinatha ine ndisanayambe sukulu, koma simunalole kuti aichotse. Panali chithunzi cha zenera la mwala losemedwa ngati mtengo, nthambi zake zopiringizana, kuwala kukudutsa m'timipata. Mayi ake a mwini sitolo anakuuzani kuti zeneralo lili kwawo ku Ahmedabad, pa mzikiti wakalekale. Inu munkati, "Anthu amenewa anasoka mwala. Ndikanakonda n'takaona kumbuyo kwake, ndione ngati anabisa bwino ulusi." Chovala chilichonse munkachiyesa choncho. Munthu akamanyadira suti yake ya ukwati, inu kuitembenuza kuona msoko.

Tsiku limene ndinkanyamuka kubwera kuno, ndinakugwirani dzanja pa bwalo la ndege n'kunena kuti ndikangokhazikika ndidzakutengani tikalione zenera lanulo. Munaseka mpaka kupukuta misozi. Munati, "Iwe sukulu inakupatsa pakamwa, miyendo inakumana." Papita zaka zisanu ndi zinayi. Kukhazikika kwa kuno ndi kudikira mapepala, ndipo mapepala akatuluka umayamba kudikira ena. Tsiku limene munatisiya pasipoti yanga inali ku ofesi ina yake, ikudikira chidindo. Chifukwa chimenecho n'choona, ndipo ndachigwiritsa ntchito zaka ziwiri, chayamba kuperepeseka m'zigongono.

Ulendo wa ku Indiawu ndinayamba kuukonza mu Januwale, ndipo mukanauona mukananyadira maphunziro anga. Masiku anayi, tsiku lililonse ndi pepala lakelake. Tsiku loyamba kulawirira m'mawa kuyenda wapansi m'tauni yakale, m'tinjira topapatiza, kuona nyumba za matabwa osema ndi timisanja timene anthu amadyetserapo mbalame. Tsiku lachiwiri kukaona chitsime cha masitepe, chimene munthu amatsika ngati akulowa m'nyumba yosanja yomangidwa chozondoka. Kenako msika wa nsalu, kumene ndinati ndidzagwira nsalu iliyonse ndi zala ziwiri ngati inu, ngakhale sindidziwa chimene munkafufuza. Zenera ndinalisungira tsiku lomaliza. Ndikudziwa nthawi imene dzuwa limaliwomba bwino. Chipewa ndinagula, mankhwala a m'mimba ndinagula. Namwino wina amene amagwira ntchito ndi Thoko, wa komweko, nditamuonetsa mapepala anga anaseka, akuti iye wadutsa pa zeneralo pa basi moyo wake wonse osatsikapo. Ku tchalitchi ku Peckham ndinalengeza kuti ndi ulendo wokumbukira mayi anga, azimayi anagwira pachifuwa, ena anati ana otere ndi osowa. Tikiti yokha ndiyo sindinagule.

A malume atamva anaimba foni. Sanakalipe, mukuwadziwa. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, kodi amayi ako tinawaika ku India?" Ndinawafotokozera za lonjezo, za kulemekeza zokhumba za malemu, mawu onse a ku yunivesite. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuti, "Chabwino. Simenti yafika."

Amene anandimaliza ndi mpongozi wanu. Loweruka masana ndinayala mapepala anga pa tebulo, iye akusita yunifomu. Anawayang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Tamanda, mapulani awa ngokongola. Koma munawatembenuza n'kuona kumbuyo?" Ndi inu munamuphunzitsa zimenezi, ndipo sindikuthokozani.

Ndawatembenuza, amayi, ndipo msoko wake ngwonyansa. Sindikufuna kuona manda anu. Nkhani ndi yomweyo. Malinga sindinaime pa mtumbira uja, kwa ine muli ngati munthu amene foni yake yathima chifukwa cha magetsi. Nambala yanu ikadali m'foni mwanga. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi dzanja limapita lokha m'thumba, kenako ndimadziuza kuti ndiimba sabata yamawa. Ku India ndikanakaima pa zenera lija n'kulira bwinobwino, kulira kwaukhondo, pakati pa anthu osandidziwa, n'kujambula chithunzi. Ku Chiradzulu kuli dothi lofiira, kuli dzina lanu lolembedwa ndi penti pa thabwa, kuli azakhali amene adzandiyang'ana n'kuti, "Wafika wa ku Mangalande uja." Ndinasankha kukakulirani kumene kulibe inu.

Mapepala aja ndawaika m'dirowa. Tikiti ndagula Lolemba, ya ku Chileka. Chithunzi cha zenera ndinachitumiza kwa achemwali kuti akapereke kwa mmisiri wosema miyala ya pamanda ku Limbe, aone ngati angauike mtengowo pa chiliza chanu. Dzulo mmisiriyo wanditumizira chithunzi cha zimene wayeserera pa kamwala kena. Amayi, ndi chinangwa. Masamba ake, tsinde lake, chinangwa chenicheni. A malume nawonso anayamba kudandaula kuti akuluampingo akamva kuti mtengowo wachokera pa mzikiti kudzakhala msonkhano, koma ataona chithunzi cha mmisiri mtima unakhala pansi, akuti chinangwa sichinalakwire mpingo. Tagwirizana kuti mtanda ukhale pamwamba, mtengo pansi.

Sindinakufikitseni ku zenera lanu, ndipo limene ndikubweretsalo ndi la ku Limbe. Ife tidzaona kutsogolo kwake, tidzaimba nyimbo, tidzati lakongola. Kumbuyo kwake mudzaona ndinu, poti mbali imeneyo muli nokha. Ulusi ukakhala kuti ukuoneka, mutikhululukire.

Ndibwera mu Okutobala, ndi miyendo ulendo uno. Ndidzaima pamenepo mpaka ndikhulupirire, ndipo nambala ija ndidzaifufuta ndili pomwepo, inu mukuona.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa uja,

Dalitso